MAKINA AKAWERENGA CHIFUWA CHA MSODZI, ASAYINE NDANI?

Wolemba Mtolankhani Wathu

Aliyense amene anagonapo pa doko lina la m'boma la Nkhotakota, kaya ndi ku Sani, kaya ndi ku Chia, kaya ndi kumpoto cha ku Dwambazi, adziwa kuti usiku wa kunyanja uli ndi maphokoso awiri. Loyamba ndi la mafunde, makamaka mwera ukamaomba m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Lachiwiri ndi la kutsokomola kwa anthu ogona mothithikana m'zisakasa, podikira kuti nyanja ichite bata akaponye chilimira. Mafunde aleka mwera ukatha. Koma chifuwa china sichileka, ndipo mwini wake achitcha chifuwa cha mphepo kufikira tsiku limene aona magazi m'makhololo.

Chifuwa chachikulu, chimene ambiri tichidziwa ndi dzina la TB, si mlendo pakati pathu. Kachilombo kake anakatulukira Robert Koch wa ku Germany mu 1882, ndipo mankhwala ake, amene wodwala amwa kwa miyezi 6, aperekedwa ulere m'zipatala za Boma. Chovuta chachikulu masiku ano si mankhwala, koma kumpeza wodwalayo msanga, asanapatsire a m'nyumba mwake ndi anzake a m'bwato. Pofuna kuthana ndi chovuta chimenechi, Unduna wa Zaumoyo, kupyolera mu nthambi yake yolimbana ndi TB ndi khate, unabweretsa magalimoto a chipatala oyendayenda, okhala ndi makina a X-ray ojambulira m'chifuwa, kuti azitsata anthu kumene ali. Chatsopano pa ntchito imeneyi ndi ichi: chithunzi chikajambulidwa, woyamba kuchiwerenga si munthu, koma pulogalamu ya pakompyuta, imodzi mwa nzeru za makina zimene dziko lonse lizitcha AI.

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife tinena poyera kuti kalumo aka tikalandire. Koma kalumo kakuthwa kameta, ndiponso kacheka. Chotero funso limene tifuna kuliika pamaso pa owerenga athu, makamaka inu ogwira ntchito m'Boma ndi inu aphunzitsi, ndi ili: makina akanena kuti msodzi uyu ali bwino abwerere ku bwato lake, pamene ali ndi matenda, kodi tidzadziwa bwanji, ndipo adzayankha ndani?

MMENE MAKINAWA AGWIRIRA NTCHITO

Tiyambe ndi kuchotsa mantha ndi nthano. Makina awa alibe mzimu, ndipo saombeza ula. Amene anawapanga anasonkhanitsa zithunzi za m'chifuwa zikwizikwi, zina za anthu amene anapezeka ndi TB, zina za anthu opanda nthendayi, naionetsa kompyuta mobwerezabwereza, kufikira inayamba kusiyanitsa maonekedwe a mapapo odwala ndi a mapapo abwino. Ndi monga momwe mwana wa msodzi aphunzirira kusiyanitsa utaka ndi kasawala: palibe amuwerengera buku, koma maso ake aona nsomba zambiri. Tikumbuke, komabe, kuti mwana wotere adziwa bwino nsomba za pa doko la kwawo zokha.

Chithunzi chatsopano chikalowa, pulogalamu ipereka nambala mosakhalitsa. Pulogalamu yotchedwa CAD4TB, ya kampani ya Delft Imaging ya ku Netherlands, ipereka nambala ya pakati pa 0 ndi 100. Palinso ina yotchedwa qXR, ya kampani ya Qure.ai ya ku India, ndi zina zotero. Nambala ikakwera, ndiye kuti chithunzicho chifanana kwambiri ndi zithunzi za odwala TB. Nambalayo siitanthauza kuti munthu wapezeka ndi matenda, iyayi. Ntchito yake ndi kuloza amene ayenera kupereka makhololo kuti akayesedwe pa makina ena otchedwa GeneXpert, amene afufuza kachilombo kenikeniko natulutsa yankho m'maora awiri kapena kucheperapo.

M'mwezi wa Malichi 2021, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti mapulogalamu otere angathe kuwerenga zithunzi za m'chifuwa m'malo mwa munthu pofufuza TB, kwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Chilolezo chimenechi sichinaphatikize ana ochepera zaka zimenezo, pakuti umboni wokwanira panalibe.

CHIFUKWA CHAKE TIWALANDIRA

Si nzeru kukana chinthu chimene chayesedwa kwathu konkuno ndi kuoneka phindu lake. Kuyambira mu 2018 kufikira mu 2019, akatswiri a bungwe lofufuza la Malawi-Liverpool-Wellcome anachita kafukufuku wotchedwa PROSPECT pa chipatala cha Bangwe mu mzinda wa Blantyre, pa anthu akuluakulu 1,462 amene anabwera ndi chifuwa. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2021, zinaonetsa kuti pakati pa amene anayamba mankhwala a TB, ojambulidwa ndi kuwerengedwa ndi makina anayamba patapita tsiku limodzi, pamene otsata njira ya masiku onse anadikira masiku ngati 11. Amene anasamalirapo wodwala chifuwa chachikulu adziwa kutalika kwa masiku khumi m'nyumba ya chipinda chimodzi mmene mugonanso ana.

Tsono taganizirani za Nkhotakota. Bomali lili ndi anthu oposa 390,000 monga mwa kalembera wa 2018, omwazika m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Benga kufikira ku Dwambazi, ndi kumtunda kwa Mwansambo. Madokotala amene anaphunzira mwapadera kuwerenga zithunzi za X-ray ndi owerengeka m'dziko lonse lino, ndipo apezeka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Kuchokera pa boma la Nkhotakota kukafika ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200. Wogwira ntchito pa chipatala cha boma, kapena cha St Anne's, kapena pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, aona odwala ochuluka tsiku lililonse, ndipo maso ake atopa dzuwa likamapendeka. Makina satopa. Pa ichi Boma lathu linaona patali, ndipo liyenera kuyamikidwa.

MZERE WOKHOZERA

Koma apa ndipo pali nkhani imene aphunzitsi aimvetsa msanga kuposa ife tonse. Mwana akalemba mayeso napeza malikisi 48, kukhoza kapena kulephera kwake sikuli m'malikisimo, koma kuli pa mzere umene akuluakulu a mayeso anaika. Mzere ukakhala pa 40, wakhoza. Ukakhala pa 50, walephera. Makina owerenga chifuwa nawonso apereka malikisi okha. Mzere wolekanitsa amene apereke makhololo ndi amene apite kwawo uikidwa ndi anthu.

Tiyerekeze kuti mzere waikidwa pansi. Anthu ambiri atumizidwa kukayesedwa makhololo, odwala ochepa okha ndiwo aphonyedwa. Koma timabokosi toyesera makhololo, timene tigulidwa ndi ndalama zakunja, titha msanga, ndipo anthu ambiri opanda matenda agona ndi nkhawa. Tiyerekezenso kuti mzere wakwezedwa. Timabokosi tisungika, ndalama zipulumuka. Koma odwala ena enieni auzidwa kuti chithunzi chawo chili bwino, nabwerera ku doko kukatsokomolera anzawo. Palibe mzere wopanda mtengo wake. Chotero kusankha mzere si masamu okha. Ndi kugamula kuti ndi odwala angati amene dziko livomera kuti apite kwawo osapezeka, pofuna kusunga chuma chochepa chimene lili nacho. Chigamulo chotere nchachikulu ngati chigamulo cha bajeti, ndipo sichiyenera kukhala chinsinsi cha munthu amene anatchera makina.

Bungwe la WHO linaona chimenechi, ndipo linatulutsa malangizo othandiza dziko lililonse kuyesa pulogalamu pa anthu ake ndi kudziikira lokha mzere woyenera, pakuti mzere wa ku Bangladesh suli mzere wa ku Malawi, ngakhalenso mzere wa ku Bangwe sungakhale woyenera kunyanja popanda kuuyesa. Palinso china. Makampani atulutsa mtundu watsopano wa pulogalamu nthawi ndi nthawi, ndipo ofufuza aonetsa kuti chithunzi chimodzi chomwecho chingalandire malikisi osiyana pa mtundu wakale ndi watsopano. Ndiye kuti 60 wa chaka chatha sangakhale 60 wa chaka chino. Mlimi wa mpunga adziwa kuti sikelo ya wogula iyenera kuyesedwa ndi a bungwe la MBS, chifukwa sikelo yosayesedwa iba popanda kulankhula. Nanga sikelo yoyesera mapapo a munthu ilekerenji kuyesedwa, ndi zotsatira zake kulengezedwa?

MAPAPO A ANTHU A KUNYANJA

Tanena kuti mwana wa msodzi adziwa nsomba za pa doko la kwawo. Ofufuza a m'maiko angapo apeza kuti mapulogalamu awa salondola mofanana pa anthu onse. Asokonezeka kawirikawiri pa munthu amene anadwalapo TB nachira, pakuti zipsera za m'mapapo zikhalabe ngakhale kachilombo kanafa kale. Asokonezekanso pa okalamba. Ndipo pa munthu amene ali ndi HIV, makamaka chitetezo cha m'thupi chikatsika, TB nthawi zina siionekera bwino pa chithunzi, ngakhale kwa dokotala wodziwa. Ichi si chaching'ono kwa ife, pakuti mu 2021 WHO inaika Malawi pa mndandanda wa maiko 30 amene TB ndi HIV ziyendera limodzi koposa.

M'midzi mwathu mulinso madala amene anakagwira ntchito ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene tonse tikutcha ku Joni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 a Malawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, otengedwa ndi Wenela, kufikira ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, imene inapha anthu athu 74, itaimitsa ulendowo. Ndipo pamene unayambanso pansi pa dzina la Teba, unatha mu 1988. Ambiri a iwo anabwera ndi fumbi la miyala m'mapapo, limene silichoka, ndipo lichititsa munthu kugwidwa TB mosavuta. Palinso amayi amene atha zaka zambiri mu utsi wa nkhuni, powamba nsomba ndi pophika. Mapapo otere saoneka ngati mapapo a m'buku.

Madala a ku migodi amenewa ali ndi phunziro limene atiphunzitse. Iwo anajambulidwa m'chifuwa kalekale, ife tisanabadwe. Madokotala a migodi anali ndi makina abwino a nthawi imeneyo, ndipo zithunzi zinaonetsa zoona. Koma zithunzizo zinali za kampani, ndipo ambiri amene anapezeka odwala anangobwezedwa kwawo osalongosoleredwa bwino, nafera m'midzi opanda chipukutamisozi. Panapita zaka zambiri kufikira mu 2019, pamene khoti la ku South Africa linavomereza pangano lakuti makampani a golide alipire odwala fumbi ndi TB. Makinawo sananame. Choipa chinali chakuti wojambulidwa sanaloledwe kudziwa chimene makina anaona. Sitifuna kuti mbiri imeneyi ibwerere itavala malaya atsopano.

Tiwonjeze chenjezo lina. Pulogalamu yofufuza TB ifunafuna TB. Malikisi otsika satanthauza kuti munthu alibe nthenda ya mtima, kapena khansa, kapena mphumu. Wodwala akangomva mawu akuti "makina akuti muli bwino", apita kwawo ndi mtima wokhazikika, pamene nthenda ina ili kumudya.

ZIMENE ZACHITIKA KWA ANZATHU

Kuti owerenga asayese kuti tili kuopa mthunzi, tipereke zitsanzo ziwiri za kunja. Ku America, zipatala mazanamazana zinagwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani ya Epic yochenjeza madokotala pamene wodwala wayamba nthenda yoopsa ya tizilombo tolowa m'magazi. Mu 2021 akatswiri a pa yunivesite ya Michigan anaiyesa paokha pa odwala a m'chipatala chawo, napeza kuti inaphonya odwala 67 pa 100 aliwonse amene anali ndi nthendayo. Ngati dziko lolemera lotere linagwiritsa ntchito chida kwa zaka chisanayesedwe mokwanira ndi anthu apadera, ife tili ndi chifukwa chanji chokhulupirira pepala la wogulitsa?

Ku Thailand, kampani ya Google inayesa pulogalamu yowerenga zithunzi za m'maso mwa odwala shuga m'zipatala 11. M'nyumba yoyesera inalondola kwambiri. Koma lipoti la 2020 linaonetsa kuti m'zipatala zenizeni inakana zithunzi 21 pa 100 zilizonse kuti nzosaoneka bwino, kawirikawiri chifukwa cha kuwala kwa m'zipinda, ndipo intaneti yochedwa inachedwetsa mizere ya odwala. Amene adziwa kuzima kwa magetsi, fumbi ndi chinyontho cha kunyanja aona yekha kuti phunziro ili ndi lathu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo njira yodziwira ndi kuung'amba mkuyuwo, osati kuusirira.

MALAMULO AMENE TILI NAWO

Dziko lathu silili lopanda malamulo pa nkhani imeneyi, ndipo tiyenera kunena zoona. Bungwe la PMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, liyang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala. Bungwe la AERA, lochokera m'lamulo la 2011, liyang'anira makina otulutsa cheza monga X-ray. Bungwe la Medical Council of Malawi lilemba madokotala m'kaundula ndi kulanga olakwa. Mu 2024 lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta ndi m'mabuku linayamba kugwira ntchito. Liika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kuzisamala koposa, ndipo woliyang'anira ndi bungwe la MACRA. Palinso lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani ku maofesi a Boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020.

Zonsezi ndi maziko abwino. Koma taonani: wina agwira makina ojambulira, wina agwira dokotala, wina agwira chinsinsi cha chithunzi. Malamulo ambiri mwa awa analembedwa poganizira botolo la mankhwala, limene likhala momwemo kufikira tsiku lake litatha, ndi poganizira munthu amene angaitanidwe kudzadziyankhira. Pulogalamu ya AI si botolo ndipo si munthu; isintha mwakachetechete pamene mwini wake, ali kutsidya la nyanja zazikulu, atumiza mtundu watsopano. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Msodzi akavulala ndi chiweruzo cha makina, sayenera kuyendayenda m'maofesi asanu kufunafuna njuchi imene yamuluma.

Anzathu ayamba kale kutseka mpata umenewu. Mu Juni 2021 WHO inatulutsa mfundo 6 zoyendetsera AI pa za umoyo, ndipo pakati pake pali kuchita zinthu poyera ndi kukhala ndi woyankha. Maiko a mu European Union anakhazikitsa lamulo la AI limene linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2024, ndipo liwerengera zida zotere za chipatala m'gulu la zofunika kuziyang'anira kwambiri. Mu Julayi 2024 bungwe la African Union nalonso linavomereza ndondomeko ya AI ya Africa yense. Sitinena kuti tikopere malamulo a eni. Tinena kuti tisoke athu olingana ndi msinkhu wathu.

ZONENA ZA OTSUTSA

Ena adzati: makampani sangaulule chinsinsi cha malonda awo. Tiyankha kuti sitipempha chinsinsi cha mmene pulogalamu inalukidwira. Wopanga mankhwala a malungo satiphunzitsa kuwapanga, koma alemba pa pepala mphamvu yake, muyeso wake, amene sayenera kumwa, ndi zovuta zimene angabweretse. Tipempha pepala lotero.

Ena adzati: dziko losauka lisachedwetse chithandizo ndi malamulo ambiri, anthu ali kufa. Mawu awa ali ndi kulemera kwake, ndipo sitiwanyoza. Lamulo lochititsa galimoto ya X-ray kuima chaka chathunthu podikira chidindo lingaphe anthu ambiri kuposa amene liwateteza. Nchifukwa chake sitipempha kuti ntchito iime, kapena kuti pakhale bungwe latsopano la maofesi ndi magalimoto. Tipempha zinthu zimene zingachitike ntchito ili m'kati, ndi anthu amene alipo kale.

Enanso adzati: dokotala nayenso alakwa. Inde alakwa. Koma dokotala mmodzi akalakwa, alakwira wodwala amene ali patsogolo pake, ndipo dzina lake lili m'kabuku ka kuchipatala. Pulogalamu ikakhala ndi chilema, ilakwa mofanana pa galimoto iliyonse, m'boma lililonse, tsiku lililonse, ndipo palibe aona pokhapokha wina atakhala pansi kuwerenga.

ZIMENE TIPEMPHA

Choyamba, Unduna wa Zaumoyo ndi PMRA akhale ndi kaundula wapoyera wa mapulogalamu onse a AI ogwiritsidwa ntchito pa odwala, m'zipatala za Boma, za mishoni ndi za anthu apadera: dzina la pulogalamu, mtundu wake, mwini wake, ntchito imene inaloledwa, ndi ofesi imene inailola. Mtundu ukasintha, kaundula asinthenso.

Chachiwiri, mzere wokhozera ulengezedwe pamodzi ndi zifukwa zake, ndipo ulembedwe m'Chichewa chomveka pa bolodi la chipatala ndi pa galimoto yomwe.

Chachitatu, mapulogalamu ayesedwe pa anthu athu, ndi akatswiri athu osadya nawo za wogulitsa. Tili ndi yunivesite ya za umoyo ya KUHeS ndi mabungwe ofufuza odziwika. Ena mwa anthu amene makina awamasula aziyesedwabe makhololo, kuti tidziwe chiwerengero cha ophonyedwa. Ndipo chaka ndi chaka lipoti lizipita ku komiti ya za umoyo ya Nyumba ya Malamulo, losonyeza boma ndi boma, amuna ndi akazi, okalamba, a HIV, ndi odwalapo kale.

Chachinayi, wodwala auzidwe kuti chithunzi chake chawerengedwa ndi makina, ndi tanthauzo la malikisi ake. M'kabuku kake mulembedwe malikisiwo ndi dzina la wachipatala amene wagamula. Wachipatalayo akhale ndi ufulu wotsutsa makina popanda kuopa kudzudzulidwa. Ndipo munthu amene watsokomola kwa nthawi, waonda, natuluka thukuta usiku, apereke makhololo ngakhale malikisi atsike bwanji.

Chachisanu, mapangano ogulira zida izi anene momveka za zithunzi. Mapulogalamu ena agwira ntchito m'galimoto momwemo, ena atumiza chithunzi pa intaneti ku makompyuta akutali. Kodi chisungidwa kuti, kwa zaka zingati, ndipo kodi kampani iloledwa kuphunzitsira nacho makina ake amene idzatigulitsanso? Pangano lineneponso chimene chidzachitika ndalama za otithandiza zikatha, pakuti chaka cha 2025, pamene America inadula thandizo lake lambiri la kunja, chinatiphunzitsa kuti thandizo lingaleke mwadzidzidzi.

Chachisanu ndi chimodzi, khomo la madandaulo likhale limodzi. Ombudsman wa pachipatala ndi makomiti a zipatala zazing'ono aphunzitsidwe kulandira dandaulo lokhudza makina, ndi kudziwa kumene alitumize.

MAWU KWA INU OWERENGA

Inu ogwira ntchito m'Boma mudziwa kuti kalata yopanda siginecha ndi chidindo si kalata ya Boma. Mwambo umenewu ena auyesa wochedwetsa, koma unaikidwa kuti chigamulo chilichonse chikhale ndi mwini. Inu amene mulemba mapangano ogulira katundu, amene mukhala m'misonkhano ya khonsolo, amene muwerengera chuma cha Boma, funso lakuti "wayesa ndani, ndipo wasayina ndani?" lili m'manja mwanu.

Inu aphunzitsi, kumudzi anthu abwera kwa inu ndi pepala lililonse limene salimvetsa. Adzabweranso ndi ili. Auzeni kuti asathawe galimoto ya X-ray chifukwa cha mphekesera. Auzeninso kuti malikisi a makina si mawu otsiriza, ndi kuti chifuwa chikapitirira abwerere ku chipatala. Chenjezo lomweli likhudza mapulogalamu oyankha mafunso pa foni, onga ChatGPT, amene anayamba kufala kumapeto kwa 2022: ayankha mwaulemu ndi molimba mtima ngakhale pamene alakwa, ndipo palibe kaundula wa madokotala mmene muli dzina lawo. Safunsa anadya phula, inde. Koma wofunsa ayeneranso kudziwa amene ali kumfunsa.

Tsiku lina galimoto idzaima pa doko m'mamawa, mabwato ali kukocheza ndi usipa. Msodzi adzasiya nkhafi, navula malaya, naima patsogolo pa makina, napuma mpweya monga wauzidwa. Iye sadziwa za Netherlands kapena India, ndipo sadzawerenga lamulo la 2024. Akhulupirira chifukwa pa chitseko cha galimotoyo pali chizindikiro cha Boma la Malawi. Chikhulupiriro chimenechi Boma linachipeza ndi ntchito ya zaka zambiri, ya katemera, ya mankhwala aulere, ya alangizi a zaumoyo oyenda pa njinga. Nchuma chimene sitingachibwereke kunja chikatayika. Makina awerenge chithunzi, pakuti achita msanga ndipo satopa. Koma mzere udziwike, zolakwa ziwerengedwe poyera, ndipo pansi pa chigamulo pakhale dzina la munthu amene msodziyo angathe kumfunsa.